Chikhothi cha Mikono Yaifupi

"Tambasula manja," anatero mayi Aurica.

Dorin anatambasula. Mikono ya chikhothi inathera kutali ndi wotchi yake, pamimba n'kutsala malo oti munthu wina akhoza kulowamo, phewa lakumanzere likumukoka ngati wanyamula ndowa. Bambo wamkulu ndithu, wobwera kuchokera kulikulu ku Bucharest pa galimoto yakeyake, ataima pakhonde la amayi ake ngati chidole chowopsezera mbalame m'munda wa mpendadzuwa.

"Ndivule, amayi? Anthu akuona."

Anthu akewo ndinali ine. Nyumba yathu ndi yawo zimalekana ndi mpanda wa matabwa basi, ndipo thabwa lachitatu lili ndi chibowo. Amayi anga amati makutu anga ndiwo anayamba kubadwa, ine n'kubwera pambuyo. Kaya. Zimene sindinaone ndekha m'nkhani ino ndinazimva kwa anthu oti sanama kawirikawiri.

Linali Lachiwiri. Loweruka lake a Teofil, amuna awo a mayi Aurica, ankakwanitsa masiku makumi anayi ali m'manda, tsiku logawa zovala. Nsapato, chipewa, malaya, zonse zinali zitapeza kale ozilandira. Chinatsala chikhothi. Ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti chimene wamoyo wavala kuno ndicho wakufa amafunda uko. Ukapatsa munthu chovala choti sichimukwana, amakachiponya pansi pa bokosi, malemu n'kumayenda pamphepo mpaka kalekale. Mayi Aurica anali atachiyesa kwa alongo awo, a Neculai, kwa woimba wa kutchalitchi, kwa wa positi, ngakhale kwa bambo anga. Palibe amene chinamukwana.

"Ingopatsani wopemphetsa wa pageti la tchalitchi uja," anatero Dorin akuvula.

"Uja wa miyendo ngati dokowe? Akachigulitsa dzuwa lisanalowe, bambo ako n'kumanjenjemera chifukwa cha botolo."

"Akufa sazizidwa, amayi."

"Unakawafunsa?"

Dorin anapinda chikhothi n'kuchiika pampando. Anakanda ndevu. "Alipo munthu mmodzi woti mwina..."

"Khala chete."

"Sindinatchule dzina."

"Ndiye usalitchule."

Chodabwitsa n'chakuti chikhothicho ngakhale mwini wake sichinkamukwana. A Teofil anali wamtali, woonda ngati mtengo wa magetsi. Anachisoketsa mu Okutobala, atangobwera kuchipatala komwe madokotala anawauza zimene anawauzazo. Nsalu yake yabwino, yaubweya, yakuda bii. Koma atangotuluka nacho, msewu wonse unaseka. Nyengo yonse yachisanu anayenda manja ali pamtunda, atafiira ndi mphepo. Mayi Aurica ankakuwa pakhonde kuti, "Mukundichititsa manyazi, anthu aziti mulibe mkazi!" Iwo ankangomwetulira n'kuti, "Chisiye, mayi. Chidzakwana."

A Teofil ankalemba mabuku a nkhani zamakedzana, za nthawi ya Aturuki: anthu apamahatchi obisala m'nkhalango, malupanga, akazembe ankhanza, zoterozo. Mabuku khumi ndi limodzi. Kusukulu anatikakamiza kuwerenga limodzi, ine ndinalekeza panjira poti munalibe aliyense wofunsira mnzake. Komabe ngakhale ine ndinakapeza kamunthu kaja. M'buku lililonse ngwazi imakhala ndi mnzake, wamfupi, wonenepa, wamanzere, phewa limodzi lotsika. Ndiye amagwira mahatchi, ndiye amadzudzula ngwaziyo ikayamba kudzimva, ndipo buku lisanathe amafa. Dzina limasintha, munthu ndi yemweyo. Tauni yonse inkadziwa kuti amenewo ndi a Ilarie.

A Ilarie anagwira ntchito yosanja zilembo zachitsulo ku nyumba yosindikizira mabuku mpaka kukalamba, ndipo phewa lawo linatsika ndi kunyamula mathireyi olemera. Ali mnyamata analembapo kabuku kamodzi kopyapyala, koti kambiri kanadyedwa ndi makoswe mosungira katundu. Amene anakawerenga ndi mphunzitsi wina wachinyamata, a Teofil. Akuti anakawerenga kasanu, n'kupita kukagogoda pakhomo pa eni ake n'kunena kuti, "Ndiphunzitse kulemba chonchi." A Ilarie sanalembenso buku lina. Anangopita kusitolo kukagula pensulo yofiira.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse folo koloko, zaka makumi anayi ndi chimodzi, ankabwera n'kudzitsekera awiriwo m'kachipinda kakumbuyo. Zenera lake lili mbali yathu, ndiye ine ndinakula ndikumva phokoso lawo.

"Wabodza iwe, Teofil! Munthu wolasidwa pamimba salankhula masamba awiri!"

"Ndiwe nsabwe, Ilarie! Nsabwe ya m'ndevu!"

"Fufuta!"

Kenako phwete, onse awiri, mpaka kutsokomola. Mayi Aurica ankabwera ndi khofi pathireyi, kugogoda ndi phazi. Chitseko chinkatseguka pang'ono pongokwana thireyi, n'kutsekekanso.

A Ilarie sanakwatirepo. Azimayi kumsika ena ankati izi, ena ankati izo, ndipo tsiku lomwe ndinafunsa amayi anga tanthauzo la izozo anandikwapula ndi nsalu yopukutira mbale, yonyowa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti awiriwo akamapita kokayenda kumtsinje, wamtaliyo ankafupikitsa mapazi.

Tsiku lomwalira, mayi Aurica anakhala pambali pa bedi atagwira dzanja la amuna awo, lija anali atalimanga kansalu pachala chachikulu poti bamboyo, osatha n'komwe kugwira mpeni, akuti anadzicheka podula buledi. A Teofil anatsegula maso n'kufunsa, "Kodi lero n'Lachinayi?" Mawu omaliza ndi amenewo. Zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati, munthu n'kutsanzika pofunsa tsiku.

Ndiye pochokera kumanda, anthu akulowa kukadya, a Ilarie anafika pageti chipewa chili m'manja. "Alamu," anatero.

"Sindine mlamu wanu. Lachinayi latha, bambo."

Anatseka geti. Ndinamva ndekha kachitsulo kakugwera. A Ilarie sanabwerenso.

Lachitatu m'mawa mayi Aurica anakulunga chikhothi m'nsalu ya patebulo n'kupita nacho kwa a Costache, atelala. Izi ndinamva kwa akazi awo a telalawo, amene anauza amayi anga atawalumbiritsa kuti asauze munthu.

"Talikitsani mikono, chepetsani pamimba," anatero mayi Aurica. "Chiwakwane alongo anga pofika Loweruka."

A Costache anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Sizitheka, mayi."

"Mwakalamba kodi? Ndipite kwa wina?"

"Pitani ngakhale ku Bucharest." Anatenga kalumo n'kusula msoko wa mkono pang'ono. "Onani. Telala aliyense amasiya nsalu mkati, zala ziwiri kapena zitatu, kuti mawa munthu akafuna kufutukula apeze poyambira. Umu mulibe ngakhale ulusi. Malemu anaima pomwe mwaimapo, kundiyang'anira ndikudula. Anati, 'Dulani yonse, a Costache. Mkazi wanga ndimamudziwa.'"

Mayi Aurica anakhala pansi osauzidwa.

"Munawayeza n'komwe?"

"Anakana tepi. Anabwera ndi buku lawo limodzi, kunditsegulira tsamba, kundiwerengera mmene munthu wina wa m'menemo amaonekera. Ati sokerani ameneyu. Ine ndinati, koma a Teofil, ameneyu si uja amadutsa pano ndi nyuzipepala m'khwapa? Ati sokani, simuli wansembe kuti ndiziulula machimo kwa inu."

"Ndiye munasoka."

"Miyeso yake ndinali nayo m'kope lakale. Ndinangowonjezera pamimba."

Sanalire, akuti. Anangodikira kuti a Costache abwezeretse msoko uja, kukulunga chikhothi chawo, n'kutuluka osatsanzika.

Masana ake ndinawaona pazenera la kachipinda kakumbuyo. Sindinawaonepo atakhala pansi mmenemo chibadwire changa, ankangolowamo kukasesa. Dorin anali atapita kukagula makandulo. Patebulo panali mulu wa mapepala, buku lakhumi ndi chiwiri, lomwe a Teofil anasiya lopanda mutu womaliza. Dorin anali atanenapo kawiri kuti osindikiza akulifuna ndipo woti n'kulimaliza ndi mmodzi yekha, amayi ake n'kumuyankha kuti kuli bwino liwolere momwemo. Tsopano anakhala pampando wa amuna awo, moyang'anana ndi mpando winawo, wamiyendo yodulidwa kuti mapazi a munthu wamfupi azifika pansi. Ankatembenuza mapepala limodzi limodzi, kunyowetsa chala ndi malovu. Anakhala mpaka dzuwa linachoka pakhoma. Palibe anagogoda, palibe anawabweretsera khofi. Ine mwendo unachita dzanzi pachibowo paja, koma sindinathe kuchoka.

Lachinayi folo koloko mayi Aurica anavala mpango wakuda n'kutenga botolo la mafuta a nyale ya pamanda. Amayi anga anali komweko akupalira manda a agogo, mizere iwiri yokha kuchokera pa a Teofil, ndipo akuti anagwada n'kukhala zii ngati mwala.

A Ilarie anali atakhala pakabenchi, atavala jekete yawo yakale yonyezimira m'zigongono, mphepo ikuwaomba. Ataona mayi Aurica anafuna kuimirira.

"Khalani. Manda si anga."

Anathira mafuta m'nyale, kukonza chingwe, kuyatsa. Machesi awiri anazima.

"Mumabwera Lachinayi lililonse?"

"Miyendo imangobwera yokha, mayi. Sindinaiphunzitse njira ina."

"Mumamuuza chiyani?"

"Ndimamutukwana."

Mayi Aurica anatsala pang'ono kuseka, koma anadzigwira. Anazula kaudzu m'mbali mwa mtanda.

"Mabuku ake onse ndinawawerenga," anatero. "Iye sankadziwa. Ndinkawerenga akapita nanu kumtsinje. Ndinkadzifunafuna. Tsamba ndi tsamba, mabuku khumi ndi limodzi. Ngakhale mkazi wotunga madzi woti n'kunena kuti uyu ndine, ayi. Paliponse inu. Inu ndi phewa lanulo."

A Ilarie anayang'ana chipewa chawo.

"Munalimo," anatero. "M'mabuku atatu. Mkazi wina wa pakamwa pakuthwa, wodziwa kumanga mabala. Ndinakufufutani ndine."

"Mwati bwanji?"

"Ndi pensulo yofiira. Ndinamuuza kuti mkaziyo akuchedwetsa nkhani. Tinakangana mwezi wathunthu, sanandilankhule Lachinayi kawiri. Kenako anagonja, poti pa za mabuku ankandikhulupirira kuposa Mulungu." Anaika chipewa pabenchi. "Sankachedwetsa nkhani. Ndi masamba abwino kuposa onse amene analembapo. Inu munali naye masiku asanu ndi limodzi pa sabata, nyumba, mwana, dzina. Ine ndinali ndi pepala basi. Sindinafune kugawana."

Amayi anga akuti anadikira kumva mbama. Sinamveke. Kunangomveka khwangwala.

"Ndinu munthu woipa, a Ilarie."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndipo anachita bwino kukuphani m'buku lililonse."

"Ndinamufunsapo zimenezo. Ati akuyeserera, kuti tsiku lodzandiika lisadzamupeze wosakonzeka. Kakhumi ndi kamodzi kundiika m'manda, m'chipale, m'mtsinje, kwina anandidyetsa mimbulu. Ndiye onani amene wathawa." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja lamanzere. "Wabodza."

"M'buku latsopanoli simunafe. Ndawerenga dzulo. Nkhani yaima inu mutagwira mahatchi awiri, mukudikira."

"Masamba omalizawo sanandionetse."

"Ndaona. Mulibe zofiira."

Anatseka botolo la mafuta, kuliika m'thumba, kukonza mpango. Atayenda mapazi angapo anaima, osatembenuka.

"Loweruka, tikachokera kuno. Musaganize kuti ndakukhululukirani. Ndili ndi munthu woti ndimuveke."

Loweruka msewu wonse unalipo. Wansembe anapemphera pamanda, tinagwirana mapewa pokweza koliva, tirigu wophika wa maliro uja wa shuga ndi mtedza pamwamba, kenako tonse kunyumba. Matebulo anayalidwa pabwalo, pansi pa mtengo wa mapulamu womwe unali utangoyamba maluwa. Poti inali nthawi yosala, kunali nyemba, kabichi wokulunga mpunga, buledi wopota, ndi kachasu wa mapulamu yemwe a Neculai anali atamuyamba kale.

A Ilarie anabwera koma sanalowe. Anaima kunja kwa geti, pomwe anawasiyira tsiku lija. Geti linali lotsegula, iwo osaliwoloka. Azimayi anayamba kugundana zigongono. Mayi wina wa kuseri kwa tchalitchi ananong'ona kuti, "Mkazi wamng'ono wafika," ndipo Dorin anatembenuka n'kumuyang'ana mpaka supuni inamugwa.

Anayamba kugawa. Mayi Aurica ankatenga chovala, kuikapo buledi ndi kandulo yoyaka, kupereka, n'kunena kuti, "Za mzimu wa Teofil." Wolandira ankayankha, "Bogdaproste," poti popanda mawu othokozawo mphatso imathera panjira, siifika kwa malemu. Nsapato kwa wa positi. Chipewa kwa woimba. Malaya kwa bambo anga. Patebulo panatsala chikhothi.

A Neculai anaimirira akupukuta pakamwa. "Bweretsa kuno, mlongo wanga, ndizifunda pamiyendo poonera mpira."

"Khala pansi, Neculai. Wamwa."

Mayi Aurica ananyamula chikhothi m'manja onse awiri n'kudutsa nacho pakati pa matebulo. Mafoloko anasiya kulira. Anafika pageti.

"Lowani. Sindingakuvekereni pamsewu ngati wopemphetsa."

A Ilarie anawoloka. Atayang'ana chikhothicho anagwedeza mutu. "Mayi, ichi sichingandikwane. Teofil anali nsungwi."

"Munayenda naye chisanu chonse, simunaone kalikonse?"

"Ndinaona kuti telala anamubera. Ndinamuseka mpaka Khirisimasi."

"Munthu wopeza cholakwa pa kadontho kalikonse," anatero mayi Aurica. "Vulani chisanzacho. Tambasulani manja."

Dorin anabwera n'kulandira jekete yakale ija. Amayi ake anapita kumbuyo kwa a Ilarie, kulowetsa mkono umodzi, winawo, n'kukweza chikhothi m'mapewa monga ankachitira ndi amuna awo m'mawa uliwonse.

Chinakhala ngati chafika kwawo. Mikono inathera pomwe dzanja limayambira. Phewa lotsika lija linagona paphewa lotsika. Mabatani anatsekeka onse asanu, popanda kukoka, popanda kulendewera. A Costache, ali pakona ndi kapu yawo, anangogwedeza mutu ngati munthu amene waona mwana wake akukwatiwa bwino.

A Ilarie anadziyang'ana kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo. Anasisita nsaluyo. Mayi Aurica anawaikira buledi ndi kandulo m'dzanja lamanja.

"Za mzimu wa Teofil."

A Ilarie anangoyang'ana kanduloyo.

"Nenani, bambo. Munthu akuzizidwa uko."

"Bogdaproste," anatero, mawu ake ngati a mwana.

Kenako, mwachizolowezi cha zaka zonse, dzanja lawo lamanzere linalowa m'chifuwa kufuna mpango wopukutira m'maso. Zikhothi zonse thumba lamkati limakhala kumanzere, ndipo a Ilarie moyo wawo wonse ankavutika kupinda mkono kuti alifike. Ulendo uno dzanja linangolowa. Thumba linali kumanja. Pambali pake panali kena, kakang'ono, kopapatiza ngati chala, koti mayi Aurica pokhuthula matumba sanakaone.

Anasolola pensulo yofiira, yatsopano.

Inali yosongoledwa ndi mpeni, koma moipa zedi, mokumbakumba, mbali ina yodyeka kwambiri, ngati waisongola ndi mwana wa sitandade wani. Pamtengo woyera wa kunsonga panali kadontho kouma, kofiirira mosiyana ndi utoto wake.

A Ilarie anaitembenuza m'zala. "Ngakhale kusongola sankatha," anatero. "Zaka zonsezi ndinkamusongolera ndine."

Mayi Aurica anaitenga pensuloyo, kuiyandikitsa kumaso, kuyang'ana kadontho kaja. Anagwira chala chawo chachikulu, pamalo ngati pomwe anawamanga kansalu amuna awo sabata lomaliza lija.

"Ati buledi," anatero chapansipansi. "Ine n'kumutukwana kuti mwamuna wanji wolephera kudula buledi."

Anaibwezera m'kathumba kake okha, n'kutseka batani lapamwamba. Kenako anapinda kolala bwinobwino, kuchotsapo kaduwa ka mpulamu komwe kanagwerapo, n'kutembenukira kwa Dorin.

"Katenge mpando wa m'kachipinda kakumbuyo. Waufupi uja."